Kugoneka dziwe chisanu chisanafike ku Ontario

Okutobala akangolowa ku Ontario, m'dziko la Canada, masamba a mitengo ya maple amafiira n'kuyamba kuyoyoka, ndipo kuseri kwa nyumba za ku Toronto ndi Ottawa kumamveka kulira kwa makina opemerera mpweya. Eni nyumba amakhala akutseka maiwe awo osambiramo. Kumeneko anthu amasambira panja kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka Seputembala basi. M'miyezi yachisanu dziwe limagona pansi pa chipale.

Maiwe ambiri a kumeneko si a simenti yokhayokha. Makoma amakhala achitsulo kapena apulasitiki yolimba, pansi n'kusalaza ndi mchenga kapena simenti yopepuka, kenako mkati monse n'kuyalamo chipulasitiki chimodzi chachikulu chimene amachitcha liner. Chimenechi ndicho chimasunga madzi. Kukhuthala kwake sikufika ngakhale milimita imodzi, komabe m'dziwe la mamita 5 m'lifupi ndi 10 m'litali chimasunga malita oposa 60,000.

Chikasamalidwa bwino chimatha zaka khumi kapena kupitirirapo pang'ono. Ukalamba wake umayambira m'mwamba, pamene madzi safika, chifukwa dzuwa limachiwotcha mpaka kusuluka n'kuyamba kuthetheka. Klorini akathiridwa malo amodzi osasungunula amasiya zigamba zotuwa, ndipo madzi akachuluka asidi chimachita makwinya amene phazi limawamva munthu akamayenda pansi.

Tsiku losintha liner, amisiri amafuna kunja kutacha bwino, chifukwa chipulasitikichi chimafewa chikawothera dzuwa. Amapopa madzi onse, n'kudula chakalecho ndi mpeni zidutswazidutswa. Kenako mmodzi amagwada pansi, kumakwecha dzimbiri pamakoma, kumata maenje, kusesa mobwerezabwereza. Apa m'pamene pamaonekera mmisiri weniweni, pakuti kamwala kamodzi kakatsalira kamadzatumphuka pansi pa chatsopanocho kwa zaka zonse. Akatero amafunyulula chatsopano, anthu atatu kapena anayi atagwira mbali zosiyana, n'kulowetsa mkombero wake m'kangalande kozungulira pamwamba pa khoma. Kuseri kwake amalowetsako paipi ya makina oyamwa mpweya. Akaliza makinawo, chipulasitiki chija chimayamba kukakamira kumakoma pang'onopang'ono mpaka ngodya zonse kuonekera, amisiri ali mkati atangovala masokosi, kumakankha makwinya ndi mapazi. Mabowo a mapaipi amawadula madzi atakwera kale. Wodula msanga amadzaona bowo litasuntha, chifukwa kulemera kwa madzi kumakoka chipulasitikicho.

Chimene chimadabwitsa mlendo n'chakuti pofika chisanu dziwe salikhuthula. Madziwo ndi amene amapanikiza liner kuti isakhwinyate, ndiponso amachirikiza makoma kuti dothi lakunja lisawakankhire mkati. Vuto lili m'mapaipi. Madzi akaundana amafufuma ndi magawo 9 pa 100 alionse, ndipo ku Toronto nthaka imatha kuuma ndi chisanu mpaka kuya kopitirira mita imodzi. Paipi yotsalira madzi imang'ambika pansi pa nthaka, mwini wake n'kudzadziwa mu Meyi, madzi akuphwa osaoneka kumene akulowera.

Choncho amadikira madzi azizire kufika cha m'madigiri 15, pamene ndere sizimera msanga. Amayeza pH kuti ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.6, n'kuthira klorini wambiri komaliza. Amatsitsa madzi pang'ono, n'kupemerera mpweya m'mapaipi mpaka thovu litatuluka, kenako n'kutseka pakamwa pake ndi zitsekerero zamphira. Ena amathiramo mankhwala oletsa kuundana a propylene glycol. A m'galimoto aja ayi, ndi poizoni. Pampu ndi sefa amazikhetsa madzi. Madzi ochotsedwa m'dziwe aja nawonso satayidwa mwachisawawa: malamulo a mzinda wa Toronto amafuna kuti klorini athe kaye madziwo asanalowe m'ngalande zamvula, chifukwa ngalandezo zimathira m'mitsinje yopita ku nyanja ya Ontario.

Chomaliza ndi chovundikira, ndipo apa mtima wanga suli pawiri. Chotchipa ndi lona wamkulu amene amamutsamiza m'mphepete ndi matumba odzaza madzi. Masamba amawatchingadi. Koma mvula ndi chipale chosungunuka zimadikha pamwamba pake, ndipo mwana akapondapo poyesa kuti m'polimba, lonayo amamira naye n'kumukulunga. Chinacho ndi chovundikira chonga ukonde wolukidwa mothinana, chokokedwa ndi masipuling'i omangirira ku zikhomo zamkuwa zoboolera m'simenti yozungulira dziwe. Madzi amadutsa, munthu sadutsa. Mtengo wake ndi wokwera kangapo, ndipo ndere pang'ono zimatha kumera pansi pake chifukwa kuwala kumalowa. Ndere zimenezo klorini amazithetsa m'masiku ochepa dziwe likamatsegulidwa. Muyezo wa ku America wa ASTM F1346 umafuna kuti chovundikira chotere chinyamule makilogalamu 220, kutanthauza mwana amene wagwerapo pamodzi ndi akuluakulu awiri othamangira kukamutenga.