Mmodzi yekha anabwerera

Inu amene mwayamba kuwerenga, tsegulani Baibulo pa Luka mutu 17, ndime 11 mpaka 19. Werengani pang'onopang'ono, palibe amene akukuthamangitsani.

Yesu ankayenda m'malire a Samariya ndi Galileya. Za malire timazidziwa kuno ku Milange, kumene mtsinje wa Muloza umatilekanitsa ndi Malawi. Kumaloko anakumana ndi akhate khumi. Onse anacira, koma mmodzi yekha anabwerera kudzathokoza. Iyeyu anali Msamariya, munthu wa tsidya lina.

Asanu ndi anayi aja sanali oipa ayi. Yesu mwini anawatuma kwa ansembe, ndipo anapita. Ine ndimaona kuti atacira, mtima unathamangira kunyumba, kwa ana, kumunda. Mpake! Koma amene anawaciritsa anamusiya panjira.

Kumbukirani Marici 2023, pamene namondwe Freddy anakokolola minda ndi kugwetsa nyumba. Tinapemphera usiku wonse. Yankho la Mulungu linadzera mwa anthu: wina anakupatsani pogona, wina mbale ya ufa, wina mbewu ya cimanga kapena nandolo. Nanga mutakolola, munabwerera kwa iwo? Ine ndinacedwa, ndipo ndinacita manyazi nditakumana nawo pamsika.

Tsopano mumatha kulemba. Tengani kope lanu, lembani dzina la munthu mmodzi amene anakuthandizani. Madzulo ano litchuleni m'pemphero. Lamlungu, mukatuluka m'mapemphero, dzerani kwawo. Ngakhale mulibe kanthu m'manja, pitani ndithu.