Funso la mowa kuchipatala limakhudzanso mpamba wa geni

Ogulitsa usipa, utaka ndi mpunga m'dera la Mfumu Yaikulu Mwadzama ku Nkhotakota akapita kuchipatala ndi mutu, m'mimba kapena BP, nthawi zina adokotala amafunsa kuti: "Kodi bambo, mumamwa mowa? Nanga fodya kapena chamba mumasuta?" Ambiri amangoti "pang'ono pokha" chifukwa cha manyazi kapena kuopa apolisi, poti kusuta chamba n'koletsedwabe ngakhale lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhala ndi chiphaso.

Zokambirana za wodwala ndi dokotala n'zachinsinsi. Dokotala amafunsa kuti asalakwitse mankhwala. Flagyl akakumana ndi mowa amasanzitsa kwambiri. Mankhwala a TB amalemetsa chiwindi, ndipo kachasu amawonjezera vutolo. Wodwala shuga akamwa mowa wosadya, shuga amatha kutsika mpaka kukomoka. Womwa ma ARV akaledzera amaiwala nthawi ya mapiritsi.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakonza mafunso 10 otchedwa AUDIT othandiza achipatala kuyeza kamwedwe ka munthu: amamwa kangati, mabotolo angati patsiku, komanso ngati mowa unamulepheretsapo ntchito. Wodwala akanena chilungamo, malangizo a mphindi zochepa amathandiza ambiri kuchepetsa.

Yemwe wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa thupi limatha kunjenjemera, mutu kusokonezeka, ngakhale kugwa ngati khunyu. Ayambe wakaonana ndi achipatala. Vuto likakula amamutumiza kuchipatala cha boma cha Nkhotakota, ndipo thandizo lapadera likupezeka ku St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu.

Pa geni masamu ake ngosavuta. Wowononga K2,000 patsiku pa mowa wataya K60,000 pamwezi, ndalama yomwe ikanaoda nsomba zina padoko. Kuwonjezera apo, wamatsire amafika kunyanja mochedwa anzake atagula kale nsomba zabwino, amasokoneza chenji, ndipo amakongoza katundu osalemba.

Wamalonda wofuna kudziwa pomwe waima alembe m'kope la geni ndalama ya mowa ndi fodya kwa masiku 7. Chiwerengero chimenecho ndicho akayankhe adokotala akadzafunsa, ndipo chimuonetsanso komwe phindu likuthera.