Nthano za Mamba Muntu ndi madzi a mu Lusaka

Mabuku osimba za akazi a m'madzi, aja akuti kumtunda ndi munthu koma kunsi ndi nsomba, ali pakati pa amene acinyamata amakonda kuwerenga. Olemba ena amagwiritsa nchito zolengedwa za m'madzi pofuna kuphunzitsa za kusamala cilengedwe.

Cifukwa cake ndi ici. Nkhani ya mtsinje woipitsidwa sikhudza mtima msanga. Koma ngati m'madzimo mukhala munthu wa dzina ndi abale ake, wotaya zinyalala mumtsinje amakhala ngati wazitaya pakhomo pa mnansi wake.

M'caka ca 2014, mai Nnedi Okorafor, amene makolo awo ndi a ku Nigeria, anatulutsa buku la Lagoon. Bukuli liyamba ndi nsomba yokwiya imene iboola paipi ya mafuta m'nyanja kufupi ndi mzinda wa Lagos. M'caka ca 2021, mai Natasha Bowen anatulutsa Skin of the Sea, buku la acinyamata lonena za mtsikana amene ndi Mami Wata, mzimu wa m'madzi wa kumadzulo kwa Africa.

Nalo dziko la Zambia lili ndi nthano zotere. Ku Copperbelt kuli Mamba Muntu, amene zithunzi zake zinali kupacikidwa m'malo omwera mowa. Alamba amasimba za Citapo ca panyanja ya Kashiba, m'boma la Mpongwe. Atonga a m'cigwa ca Zambezi amasimba za Nyaminyami, ndipo ambiri anati madzi osefukira a 1957 ndi 1958, pomanga damu la Kariba, anali mkwiyo wake. Nthano izi zimacititsa munthu kuyandikira madzi mwaulemu.

Mwana wa ku Chilenje, Kabwata kapena Woodlands sakhala pafupi ndi nyanja, koma madzi ali pansi pa mapazi ake. Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu ndi mapanga, mmene madzi amayenda. Ena mwa madzi a m'mipope amacokera m'zitsime zokumbidwa m'miyala imeneyi, ndipo ena amacokera ku mtsinje wa Kafue.

Ming'alu yomweyi imalola zonyansa za m'zimbudzi zokumba kufika kumadzi msanga, makamaka nthawi ya dzinja. Matenda a kolera amene anabuka mu Okutobala 2023 anapha anthu oposa 700 m'dziko lonse. Bwalo la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka mu Febuluwale 2024.

Mu Febuluwale 2025, damu la zotsalira za mgodi la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi linagumuka. Madzi a asidi analowa mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba zinafa, ndipo anthu a ku Kitwe anatsekeredwa madzi.

Wolemba nkhani za acinyamata pano safunika kubwereka nyanja za kutali. Mamba Muntu wa mu Kafue, kapena mzimu wokhala m'mapanga a pansi pa Chilenje, uli ndi zambiri zodandaula.

Komabe nthano payokha siyeretsa madzi. M'mabuku otere, cofunika ndi zimene wacinyamata wa m'nkhaniyo amacita atamva dandaulo: kusonkhanitsa anzake, kufunsa akuluakulu mafunso, ndi kukana kukhala cete. Njira zocitira izi zilipo kale. Makalabu a Chongololo, a bungwe la Wildlife and Environmental Conservation Society of Zambia, akhala akuphunzitsa ana a sukulu za cilengedwe kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Ndipo m'caka ca 2018 boma linaika lamulo loletsa mapepala a pulasitiki opyapyala, aja amene amatseka ngalande mvula ikagwa.