Ophunzira Zachipatala m'Mawodi: Zoyenera Kudziwa Odwala

Odwala opita ku zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe amakumana ndi ophunzira udokotala, unamwino ndi uzamba, ena mwa iwo ochokera ku Kamuzu University of Health Sciences. Ntchitoyi siphunziridwa m'kalasi mokha: manja ayenera kuzolowera kubaya jekeseni, kutsuka bala ndi kuthandiza mayi pobereka.

Komabe wophunzira saloledwa kugwira ntchito payekha. Amayamba ndi kuonerera, kenaka amachita yekha pamaso pa namwino kapena dokotala wovomerezeka, yemwe amamuwongolera ndi kusenza udindo wa chithandizocho.

Wodwala ali ndi ufulu wofunsa amene akumuthandiza, ngakhalenso kukana kupimidwa ndi wophunzira. Kukanako sikuyenera kumuchepetsera chithandizo.