Ana a Sitandade 8 pambuyo pa tchuthi cha Covid-19: tiwathandize bwanji?

Ophunzira omwe ankamaliza Sitandade 8 ku Midzemba, m'boma la Neno, pambuyo pa tchuthi cha Covid-19, ankakonzekera mayeso a PSLCE atadutsa m'nyengo yovuta. Boma lidatseka sukulu zonse pa 23 March 2020 pofuna kupewa Covid-19. Makalasi olemba mayeso adabwerera pa 7 September, ena onse mu October, koma mu January 2021 sukulu zidatsekedwanso kwa masabata angapo matendawa atakulanso.

Panthawiyi, Unduna wa Zamaphunziro udakonza maphunziro a pa wayilesi ya MBC. Koma kumudzi komwe kulibe magetsi wayilesi imadalira mabatire, ndipo mwana sangaimitse mphunzitsi wapawayilesi kuti afunse pomwe sadamvetse. Ana ambiri adathera nthawiyo kumunda, kumsika kapena pamaganyu.

Ubongo umaiwala zomwe sukuzigwiritsa ntchito. N'chifukwa chake mwana yemwe ankadziwa bwino masamu mu Sitandade 6 lero angakakamire pa funso losavuta. Uku si umbuli. Zoiwalikazo zimabwerera msanga akamazibwereza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, kusiyana n'kuchezera usiku umodzi. Atseke kope, anene zomwe wawerenga, kenako aone pomwe walakwitsa. Ngakhale kholo losadziwa kuwerenga likhoza kumvetsera.

Tulo nato n'tofunika, chifukwa munthu akagona ubongo umasunga zomwe waphunzira masana. Mwana wazaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Asapitenso kusukulu ndi njala: phala kapena mbatata m'mawa zimamuthandiza kumvetsera. Ngati akutopa msanga, akumva chizungulire kapena m'zikope mwake mwayera, apite kuchipatala cha Midzemba akamuyeze magazi ndi malungo.

Palinso ana omwe sadabwererenso m'kalasi. Kafukufuku wa boma adapeza kuti sukulu zili zotseka mu 2020, atsikana oposa 40,000 adatenga mimba ndipo panachitika maukwati a ana pafupifupi 13,000. Malamulo a dziko lino amaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo ndondomeko ya boma imalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Mtsikana woyembekezera ayambe sikelo msanga ndipo akachilire kuchipatala, popeza thupi losakhwima limakhala pachiopsezo chachikulu pobereka.

Apa ndi pomwe alangizi a zaumoyo, amayi a mother group ndi anthu omwe amayendera makomo mothandizidwa ndi Abwenzi Pa Za Umoyo, bungwe lomwe lakhala likugwira ntchito ku Neno kuyambira 2007, angathandize. Mukafika pakhomo, funsaninso za sukulu: mwana akupita? Akudya? Akugona bwino? Mwana yemwe wayamba kudzipatula, kulira pafupipafupi kapena kudandaula mutu ndi m'mimba m'mawa uliwonse, mwina ali ndi nkhawa. Chezani naye modekha, ndipo zikapitirira mutengereni kuchipatala. Mukaona nkhanza kapena ukwati wa mwana, dziwitsani amfumu ndi aphunzitsi aakulu, kapena imbani 116 mwaulere.