Asilikali a m'thupi akapyola muyeso

Mwezi watha ku kalabu kwathu mnyamata wina anandifunsa kuti: "Inu mumati ma ARV amabwezeretsa chitetezo, nanga bwanji mlongo wanga atangoyamba kumwa anatupa mwanabere m'khosi, thupi n'kumatentha?" Kwawo ena anali atayamba kale kunena zoti walodzedwa, ena akuti asiye mankhwalawo. Tsikulo ndinayankha mwachidule, ndiye ndati ndilembe bwinobwino.

Tiyambire kumunda. Mukabayidwa ndi minga, mawa lake phazi limatupa, kutentha ndi kupweteka. Si minga ikuchita zimenezo ayi, ndi thupi lanu lomwe. Maselo a pabalapo amatulutsa timadzi toitana anzawo. Mitsempha imatanuka, magazi ambiri amathamangira pamenepo, n'chifukwa chake pamatentha. Kenako madzi amadutsa m'makoma a mitsempha pamodzi ndi maselo oyera, aja timati asilikali a m'thupi. Kutupa n'kumeneko. Mafinya aja mumanyansidwa nawo ndi asilikali ofera kunkhondo, osakanikirana ndi tizirombo.

Kutupa kotere n'kothandiza. Vuto limabwera asilikaliwo akamachita ngati galu woluma ndi alendo omwe.

Taonani njuchi. Ambirife ikatiluma timatupa pang'ono, basi. Koma mwa anthu ena thupi limasunga mkwiyo wa ulendo woyamba, ndipo ikadzawalumanso, maselo ena amakhuthula mankhwala otchedwa histamine ochuluka nthawi imodzi. Pamphindi zochepa munthu amatuluka zidzolo zoyabwa, milomo ndi kukhosi zimatupa, amabanika, mwina kukomoka kumene. Apa Piriton sakwanira, anzanga. Thamangirani naye kuchipatala, akufunika jakisoni wa adrenaline. Mphumu ya anthu ambiri imayendanso njira yofananako: fumbi kapena mungu zimaputa asilikali, njira za mpweya n'kutupa.

Pali mkwiyo wina wochedwa. Atsikana ena akavala ndolo zotchipa, khutu limayamba kuyabwa ndi kuchucha patapita tsiku limodzi kapena atatu. Mankhwala ena amachitanso chimodzimodzi, ndipo apa mpofunika kutchera khutu. Bactrim, amene anthu omwe ali ndi kachirombo ka HIV amapatsidwa kuti awateteze ku matenda ena, amatulutsa zidzolo mwa anthu ena, kawirikawiri m'masabata oyambirira. Nevirapine, yemwe anali m'ma ARV amene boma linayamba kugawa mwaulere mu 2004, ankadziwikanso ndi vuto lomweli. Kuchokera mu 2019 ambiri anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, omwe sachitachita zimenezi. Zidzolo zilizonse mukangoyamba mankhwala atsopano, kazionetseni msanga. Koma zikabwera ndi kutentha thupi, matuza, khungu kusupuka, zilonda m'kamwa, m'maso kapena kumaliseche, musamwenso mankhwala mwayamba kumenewo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutawanyamula. Vutoli amati Stevens-Johnson, ndipo limapha. Osapaka zitsamba, osadikira kuti kuche kawiri.

Tsono tibwerere kwa mlongo uja. Kachirombo ka HIV kamawononga maselo a CD4, omwe ali ngati akuluakulu olamula asilikali. Akachepa kwambiri, matenda ngati TB amatha kukhala m'thupi mwakachetechete, popeza palibe wolimbana nawo. Munthu akayamba ma ARV, asilikali amadzuka n'kupeza adani ali ponseponse m'mudzi, nkhondo n'kubuka. Ndiye mwanabere, kutentha thupi, chifuwa kukula. Achipatala amati IRIS. Imaoneka m'masabata kapena miyezi yoyambirira, makamaka kwa amene anayamba mankhwala CD4 itatsika kwambiri. Ine ndimaona kuti ichi n'chifukwa china chokayezetsera magazi tisanadwale.

Izi sizitanthauza kuti mankhwala akukana munthuyo. Komabe si zoti n'kungokhala nazo pakhomo, chifukwa nkhondoyo ikachitikira m'mutu (mutu kupweteka kwambiri, khosi kuuma, kusokonezeka) munthu atha kufa. Wodwala asasiye ma ARV payekha. Apite akamuyeze, apeze matenda anabisalawo n'kuwachiza, ndipo nthawi zina amaonjezera mankhwala oziziritsa kutupako.

Mnzathu uja anaperekeza mlongo wake pa njinga Lolemba lotsatira. Anamupeza ndi TB ya m'mwanabere, ndipo pano akumwa mankhwala a TB pamodzi ndi ma ARV ake.