Ziganizo za Kabokosi ka GPS: Momwe Manambala Amasandukira Njira

Chiyambi

Anthu ambiri akaona foni kapena kompyuta yam'manja ikulondolera woyendetsa galimoto njira, amaganiza kuti chipangizocho chimadziwa malo monga momwe nyakwawa imadziwira mudzi wake. Sizili choncho ayi. Ntchito yolondolera njira ili pawiri. Pali kudziwa pamene munthu waima, ndiponso pali kutchula malowo ndi kusonyeza kolowera. M'nkhani ino ndifotokoza ntchito ziwirizi potengera kabokosi kolandira mauthenga a GPS kamene kamalumikizana ndi kompyuta yam'manja popanda waya. Ndasankha chitsanzochi chifukwa ntchito ziwirizi zimaoneka bwino zikakhala m'zipangizo zosiyana. Komanso, monga wophunzira za ziyankhulo, ndidachita chidwi nditamva kuti mauthenga amene kabokosika kamatumiza akatswiri amawatcha ziganizo.

Momwe kabokosi kamadziwira pamene kali

GPS ndi gulu la masetilaiti a boma la United States. Setilaiti yoyamba idatumizidwa mumlengalenga mu 1978, ndipo mu 1995 padalengezedwa kuti masetilaiti 24 akugwira ntchito mokwanira. Masetilaitiwa ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi pano ndipo iliyonse imazungulira dziko kawiri pa tsiku. Setilaiti iliyonse ili ndi wotchi yolondola kwambiri, ndipo imaulutsa mosalekeza uthenga wonena kuti iyo ndi iti, ili pati ndiponso nthawi ili bwanji.

Kabokosi sikatumiza kanthu kumwamba. Ntchito yake ndi kumvetsera basi. Kuti timvetse zimene kamachita, tiganizire za mphezi. Tikaona kung'anima kenako n'kumva kugunda patapita kanthawi, timadziwa kuti yagwera kutali, koma zikabwera pamodzi timadziwa kuti yagwera pafupi. Kabokosi nako kamayeza kuchedwa kwa uthenga. Popeza uthengawo umayenda pa liwiro la kuwala, lomwe ndi makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, kuchedwako kumasonyeza mtunda wa pakati pa kabokosi ndi setilaiti. Mitunda yochokera ku masetilaiti atatu ikanakhala yokwanira wotchi ya m'kabokosi ikanakhala yabwino ngati ya m'setilaiti. Koma ndi yotsika mtengo, ndipo ikaphonya ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000,000 a sekondi, malo amaphonyeka ndi mamita 300. N'chifukwa chake pamafunika setilaiti yachinayi yothandiza kukonza nthawi.

Mpaka mu Meyi 2000, boma la United States linkasokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, moti malo ankatha kuphonyeka ndi mamita 100. Pulezidenti Bill Clinton atalamula kuti zimenezi zithe, kuphonyako kudatsika kufika pa mamita ochepa. Apa m'pamene zidayamba kutheka kusiyanitsa msewu wina ndi unzake m'tauni, ndipo malonda a zipangizo zolondolera njira adakula.

Chifukwa chokhalira ndi zipangizo ziwiri

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, makompyuta am'manja monga Palm ndi iPAQ adali ndi sikirini yoonetsa mapu, koma ambiri adalibe GPS m'kati mwake. Munthu ankagula kabokosi kapadera. Poyamba ankalumikiza ndi waya, kenako padabwera Bluetooth, luso limene kampani ya Ericsson ya ku Sweden idayamba kukonza mu 1994. Zipangizo zazing'ono zotere zimamvana pa Bluetooth zikatalikirana mamita osapitirira pafupifupi 10.

Kuchotsa waya kudali ndi phindu lenileni. Uthenga wa setilaiti umafika pansi pano utafooka, ndipo denga la galimoto, makoma a nyumba ndi mitengo yowirira zimautchinga. Motero kabokosi kamaikidwa pamene kakuona thambo, monga kunsi kwa galasi lakutsogolo, pomwe kompyuta imakhala pamene maso akuiona bwino. Chinanso n'chakuti kabokosi kali ndi batire lakelake, kotero sikamaliza moto wa kompyuta.

Mafoni okhala ndi GPS m'kati, monga Nokia N95 ya mu 2007 ndi iPhone 3G ya mu 2008, adachititsa kuti anthu ambiri asiye timabokositi. Komabe sitidatheretu. Matabuleti ena, monga iPad yosalowa simukhadi, alibe GPS, ndipo oyendetsa ndege zazing'ono, oyenda panyanja ndi oyeza malo amatigwiritsabe ntchito. Timabokosi tatsopano timamvetseranso masetilaiti a GLONASS a ku Russia, a Galileo a ku Ulaya ndi a BeiDou a ku China.

Kagwiritsidwe ntchito kake si kovuta. Choyamba, munthu atchaje zipangizo zonse ziwiri ndipo akopere mapu a dera limene akupitako akadali pamalo pamene pali intaneti. Chachiwiri, ayatse kabokosi panja n'kudikira. Kudikiraku kuli ndi chifukwa chake: setilaiti imatumiza uthenga wa kayendedwe kake pang'onopang'ono, moti umabwerezedwa pa masekondi 30 alionse, ndipo ndandanda ya masetilaiti onse imatenga mphindi 12 ndi theka kuti ithe. Chachitatu, alumikize zipangizozo pa Bluetooth n'kuuza pulogalamu ya mapu kuti izimvera kabokosiko. Zikatero sipafunikanso netiweki ya foni kapena bandulo, chifukwa uthenga wa GPS ndi waulere.

Ziganizo za kabokosi

Tsopano ndifike pa chimene chidandikopa. Kabokosi kakadziwa pamene kali, kamauza kompyuta m'chiyankhulo chotchedwa NMEA 0183, chimene bungwe la National Marine Electronics Association lidakonzera zipangizo za m'sitima zapamadzi. Kawirikawiri kamayankhula kamodzi pa sekondi iliyonse. Chiganizo chilichonse chimayamba ndi chizindikiro cha $ ndipo sichipitirira zilembo 82. Nachi chiyambi cha chiganizo chimodzi chimene ndapeka monga chitsanzo:

$GPRMC,083000,A,1523.000,S,03520.000,E

Zilembo ziwiri zoyamba, GP, zikutchula woyankhula, yemwe ndi GPS. Zilembo zitatu zotsatira, RMC, zikunena mtundu wa chiganizo. Nambala ya 083000 ndi nthawi ya ku Greenwich, 8:30 m'mawa, imene kuno ku Malawi ndi 10:30. Chilembo A chikutanthauza kuti uthengawu ndi wodalirika. Pakanakhala V, kabokosi kakanakhala kakuchenjeza kuti sikadapeze malo. Manambala otsatirawo akunena kuti malowa ali madigiri 15 ndi mphindi 23 kummwera kwa Equator, ndiponso madigiri 35 ndi mphindi 20 kummawa kwa Greenwich. Kumeneku ndi ku Zomba. Kumapeto kwa chiganizo chathunthu kumakhala kanyenyezi ndi zilembo ziwiri zimene kompyuta imaonera ngati china chasokonekera panjira. Chiganizo chosokonekera chimatayidwa.

Malamulo a chiyankhulochi ndi osiyana kwambiri ndi a Chichewa. Mu 1987 Joan Bresnan ndi Sam Mchombo adasonyeza kuti m'Chichewa mwininkhani, mneni ndi pamtherankhani zimatha kusinthana malo ngati mneni ali ndi mgwirizano wa pamtherankhani. Tikhoza kunena kuti "Mbuzi zachidya chimanga" kapena "Chimanga zachidya mbuzi," ndipo womva sasokonezeka chifukwa za- ndi -chi- akumuuza chodya ndi chodyedwa. M'chiganizo cha kabokosi mulibe mgwirizano wotere. Tanthauzo la nambala limadalira malo amene yakhala basi. N'chifukwa chake ngakhale kabokosi kakasowa chonena pa gawo lina, mpatuliro wa gawolo umalembedwabe, kuopa kuti manambala otsatira angasunthe n'kuwerengedwa molakwika.

Pali msampha wina wa kawerengedwe. Nambala ya 1523.000 sikutanthauza madigiri 15.23 ayi. Digiri imodzi ili ndi mphindi 60, kotero madigiri 15 ndi mphindi 23 ndi madigiri 15.38. Popeza digiri imodzi yopita kumpoto kapena kummwera ndi makilomita pafupifupi 111, wokopera nambalayi mosasamala amasuntha malo ndi makilomita 17. Ngati malowo ndi mudzi umene ambulansi kapena galimoto yoboola mjigo ikuyembekezeka kufikako, anthu am'mudzimo angadikire pachabe.

Mayina sachokera kumwamba

Tikaonetsetsa chiganizo chija, tipeza kuti mulibe dzina lakuti Zomba. Mulibe msewu, mlatho kapena msika. Zonsezi zimachokera m'mapu amene ali m'kompyuta, ndipo mapu amalembedwa ndi anthu. Apa m'pamene zolakwika zambiri zimalowera.

Poyamba, mapu onse sayezedwa kuchokera pa maziko amodzi. GPS imatsata muyezo wotchedwa WGS 84, pomwe mapu akale apapepala a dera lathu lino adatsata miyezo ina monga Arc 1950. Kuika manambala a GPS pa mapu otere osawasintha kumasuntha malo ndi mamita mazana angapo.

Kachiwiri, mayina amasintha. Mangochi ankatchedwa Fort Johnston, Nsanje ankatchedwa Port Herald, ndipo Mchinji ankatchedwa Fort Manning. Atsamunda ankalemba Cholo ndi Mlanje pomwe ife timalemba Thyolo ndi Mulanje. Munthu samva kusiyana kwenikweni pakati pa l ndi r m'mayina ambiri achichewa, koma pulogalamu ina ikhoza kuyankha kuti malowo kulibe chifukwa cha chilembo chimodzi. Midzi yathu yambiri imatchedwa dzina la mfumu yake, kotero dzina limodzi likhoza kupezeka m'maboma angapo, ndipo mudzi ukagawika pamabadwa mayina atsopano amene mapu sakuwadziwa. Ntchito ya OpenStreetMap, imene idayamba mu 2004, imalola munthu aliyense kuwonjezera misewu ndi mayina, koma imayenda bwino pokhapokha eni dera atatengapo mbali.

Kachitatu, dziko lenilenilo limasintha msanga kuposa mapu. Namondwe wa Freddy atakokolola misewu ndi milatho m'chigawo chakummwera mu Marichi 2023, masetilaiti adapitiriza kupereka manambala olondola. Koma mapu okopedwa mvula isadagwe sakanadziwa kuti njira ina yaduka. Munthu wokhala m'deralo ndiye akanatha kunena kuti, "Musadzere kumlatho, mukhotere pachigayo."

Mathero

Ndasonyeza kuti kabokosi ka GPS kamayankha funso limodzi lokha, lakuti munthu waima pati, ndipo kamayankha m'manambala otsata malamulo okhwima. Funso lakuti malowo ndi ati ndipo njira yake ndi iti limayankhidwa ndi mapu, amene ali ndi zofooka za anthu owalemba. Choncho ndikupempha anzanga amene adzapite kumidzi kukachita kafukufuku wa ziyankhulo kuti polemba malo azilemba zinthu zitatu pamodzi: manambala monga momwe aonekera, muyezo umene chipangizo chikutsata, ndi dzina la malowo monga momwe eni ake amalitchulira, limodzi ndi mfumu yaikulu ya deralo. Akatero, wobwera pambuyo pawo adzapeza mudzi womwewo. Ndipo pamene mapu akusemphana ndi zimene maso akuona, aime n'kupereka moni, pakuti akuluakulu adati kufunsa ndi kudziwa njira.